ZA UMOYO WA PA MUDZI: Zinki ndi Mwana Wotsegula M'mimba

Mvula yagwa, ndipo ali yense ali kalikiliki ku munda. Koma mudziwa inu kuti nyengo yomweyi, pamene madzi a m'zitsime afiira ndi matope ndiponso nchenche zaculuka pa makoko a mango, ndiyo nyengo imene ana ambiri amatsegula m'mimba. Amai ambiri alikubwerako ku cipatala, kapena kwa Mlangizi wa za umoyo, atanyamula zinthu ziwiri: mapaketi a Thanzi, ndi kapepala ka timapiritsi tating'ono tochedwa zinki. Za Thanzi ambiri mudziwa kale. Koma timapiritsi tija, amai ambiri apatsa mwana masiku awiri kapena atatu okha, ndipo akaona kuti wayamba kusewera, atsomeka totsalato ku tsindwi, ati tidzathandize tsiku lina. Sabata ino tikambirane za mankhwala amenewa, kuti mudziwe cimene ali, nchito imene agwira m'thupi, ndi cifukwa cace a cipatala aumirira kuti mwana amalize onse.

KODI ZINKI NCIANI?

Zinki ndi mtundu wa citsulo cokumba pansi. Munamuona kale ngakhale simunadziwe dzina lace. Kunyezimira kuja kwa malata atsopano ndi kwa ndowa ya malata ndiye zinki, amene akutira pamwamba kuti dzimbiri lisadye citsulo ca m'kati. Agogo athu ena amene anapita ku nchito ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe m'dziko la Zambia, anali kukumba mwala wa zinki ndi wa mtobvu pa mgodi umene unatsekedwa m'caka ca 1994.

Zinki alimonso m'nthaka ya m'minda yathu, pang'ono pokha, ndipo mbeu zimamuyamwa ndi mizu. Inu alimi munaonapo cimanga cacing'ono cimene masamba ace a ku nsonga aturuka ndi mizere yoyera, ndipo mfundo zace zayandikana kotero kuti phesi lakhala lalifupi. Kawirikawiri cimanga cotere casowa zinki. Mukayang'ana pa thumba la fetereza wokulitsa, uja wolembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, zilembo ziwiri za kumapetozo, Zn, zitanthauza zinki.

Munthu ali ngati cimanga comweco. M'thupi la munthu wamkuru muli zinki wolemera magalamu 2 kapena 3 basi, ngati theka la kasupuni ka tiyi ka mcere, ndipo wambiri ali m'minofu ndi m'mafupa. Ngakhale acepa cotero, nchito zace nzambiri. Madokotala anawerenga zinthu zoposa 300 za m'thupi, zimene azicha ma enzyme, zoyendetsa nchito monga kugaya cakudya, kupanga khungu latsopano ndi kumanga mnofu, ndipo zonsezi sizigwira nchito popanda zinki. Ndiye akulitsa mwana, apoletsa cironda, alimbitsa asilikari a m'thupi olimbana ndi matenda, ndiponso athandiza lilime kumva kukoma kwa ndiwo.

Cofunika kucigwira bwino ndi ici: thupi liribe nkhokwe ya zinki. Mafuta thupi limasunga, ayironi wa magazi limasunganso m'ciwindi, koma zinki afunika kulowa tsiku ndi tsiku monga madzi otunga ku citsime. Bambo afuna mamiligalamu 11 pa tsiku, mai afuna 8, mai wapakati 11, ndipo woyamwitsa 12. Muyeso umenewu sufika ngakhale pa kulemera kwa kambeu kamodzi ka mpunga, koma ukamasowa miyezi yambiri mwana apinimbira, akana kudya, zironda zace zicedwa kupola, tsitsi lipyapyala, ndipo adwala m'mimba ndi cibayo kawirikawiri.

M'MENE ANTHU ANADZIWIRA

Nzeru imeneyi inabwera pang'onopang'ono, ndipo inayambira ku zomera ndi ziweto. M'caka ca 1869 munthu wina wa ku France, dzina lace Jules Raulin, anaona kuti nkhungu ina, yonga ija imamera pa nsima yogona, sikula popanda zinki. M'caka ca 1934 anapeza comweco pa makoswe oweta ku America. M'caka ca 1955 anapeza kuti nkhumba zodwala nthenda youma ndi kung'ambika khungu zimacira zikapatsidwa zinki m'cakudya cao. Koma za anthu, madokotala ambiri anali kunena kuti munthu sangasowe zinki, popeza alimo m'zakudya zambiri.

Tsono m'caka ca 1958 dokotala wina wobadwira ku India, dzina lace Ananda Prasad, anapita kukagwira nchito mu mzinda wa Shiraz m'dziko la Iran. Kumeneko anamuonetsa mnyamata wa zaka 21 amene anali kuoneka ngati mwana wa zaka 10. Anali wamfupi, wocepa magazi, wa khungu lokakala, ndipo anali asanathe msinkhu. Cakudya cace cinali mkate wa tirigu wopanda cotupitsa, nyama kunalibe, ndipo tsiku liri lonse anali kudya dothi lambiri. Posacedwa dokotalayo anapeza anyamata ena otere, ndipo m'caka ca 1961 analemba kuti aganiza kuti cowapinimbiza ndi kusowa kwa zinki. Atasamukira ku Egypt anapeza anyamata ena a m'midzi ooneka cimodzimodzi, nayesa magazi ao, ndipo m'caka ca 1963 anatsimikiza kuti zinki wao ngocepadi. Amene anapatsidwa zinki anatalika mainchi 5 kapena 6 pa caka cimodzi, ndipo anatha msinkhu monga anzao. Ngakhale zinatero, panapita zaka zina anthu alikutsutsana, mpaka m'caka ca 1974 pamene akuru oona za zakudya ku America anabvomereza, naika muyeso wa zinki wofunika kwa munthu pa tsiku.

Pa nkhani ya dothi ija tinenepo mau amodzi kwa amai apakati. Ngati mulakalaka dothi la pa culu kapena logula pa msika, uzani anamwino ku sikelo, cifukwa nthawi zambiri cilakolako cotere cisonyeza kuti magazi acepa, ndipo dothilo lingabwere ndi njoka za m'mimba.

NANGA KUNO KWATHU?

M'zaka za 2015 ndi 2016 Boma linayesa magazi a anthu m'dziko la Malawi, ana, amai ndi abambo. Anapeza kuti pa anthu 10 ali onse, pafupifupi 6 anali ndi zinki wocepa m'magazi. Zaka zomwezo anapezanso kuti pa ana 100 osafika zaka zisanu, 37 anali opinimbira. Kupinimbira kuli ndi zifukwa zambiri, koma kusowa kwa zinki ndi cimodzi mwa izo.

Mwina mufunsa kuti, kodi titani kusowa pamene tikhuta nsima tsiku ndi tsiku? Yankho lace liri m'cimanga momwemo. Mu mtima wa njere ya cimanga, ndiponso m'nyemba ndi m'mapira, muli cinthu cina cochedwa phytate. Ici cimagwira zinki zolimba m'matumbo, osamlola kulowa m'magazi, ndipo onse awiri aturukira limodzi ku cimbudzi. Mgaiwa uli ndi zinki wambiri kuposa ufa woyera, koma uli ndi phytate wambirinso. Ufa woyera uli ndi phytate wocepa, koma zinki wambiri anapita ndi madeya pokonola. Cotero banja limene lidya nsima ndi masamba okhaokha caka conse, nyama kapena nsomba mwa kamodzikamodzi, lingathe kukhuta bwino koma zinki osakwanira.

ZINKI NDI KUTSEGULA M'MIMBA

M'kati mwa matumbo muli kakhungu kofewa kamene kamayamwa madzi ndi cakudya. Kakhungu aka kamatha ndi kuphukanso katsopano pa masiku owerengeka, ndipo kuti kaphuke pafunika zinki. Tizirombo ta matenda tikalowa timaononga kakhunguka monga madzi osefukira akokolola mizere m'munda. Madzi amene anayenera kulowa m'thupi angodutsa, ndipo zinki wa m'thupi atayika nao pamodzi. Tsono onani msampha wace. Mwana wocepa zinki sacedwa kutsegula m'mimba. Kutsegulako kucotsanso zinki wotsala. Ndipo matumbo asanapole bwino, matenda abweranso. Ndiye mwana uja amai amati, "Uyu m'mimba ndi mwace, mwezi sutha." Nthawi iri yonse akadwala, sikelo itsika, ndipo asanabwerere pa mzere wace adwalanso.

Piritsi la zinki lidula msampha umenewu. Lithandiza kakhungu ka m'matumbo kupola msanga ndi kuyambanso kuyamwa madzi, lilimbitsa asilikari a m'thupi, ndiponso libwezera mwana cilakolako ca cakudya. Madokotala anayesa ana zikwi zambiri ku Bangladesh, ku India ndi maiko ena, ndipo m'caka ca 2004 Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse, WHO, pamodzi ndi UNICEF, analangiza maiko onse kuti mwana ali yense wotsegula m'mimba azilandira zinki pamodzi ndi madzi a mcere ndi shuga, amene kuno tidziwa ndi dzina la Thanzi.

Tisakunamizeni kuti zinki aletsa kutsegula tsiku lomwelo. Pa ana opitirira miyezi 6, afupikitsa matenda ndi pafupifupi theka la tsiku, ndipo pa ana onyentchera ndi pafupifupi tsiku lathunthu. Kwa mwana amene madzi alikutha m'thupi, maora amenewo si ocepa ai. Koma phindu lina lalikuru libwera pambuyo: mwana amene wamaliza mapiritsi ace onse sadwala m'mimba kawirikawiri pa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Apa ndipo pali yankho la funso lija. Masiku atatu oyamba alimbana ndi matenda a lero. Masiku otsalawo abwezera m'thupi zinki amene anatayika, kuti mwana akhale ndi mphamvu pa matenda a mawa. Mai amene atsomeka mapiritsi ku tsindwi afanana ndi mlimi amene apalira theka la munda naleka, ati popeza ku njira kwaoneka koyera.

KAPEREKEDWE KACE

Malangizo a 2004 aja anati mwana wa miyezi 6 ndi kupitirira alandire mamiligalamu 20 pa tsiku, ndilo piritsi limodzi, ndipo wosafika miyezi 6 alandire mamiligalamu 10, ndilo theka la piritsi, kwa masiku 10 mpaka 14. Bvuto limene amai anali kudandaula nalo ndi lakuti ana ena amasanza akamwa. Cifukwa cace madokotala anayesa ana 4,500 ku India ndi ku Tanzania, ndipo m'caka ca 2020 anaulula zimene anapeza. Ana olandira mamiligalamu 5 kapena 10 anacira cimodzimodzi ndi olandira 20, koma osanza anacepa: pa ana 100 olandira mamiligalamu 20, anasanza 19, pamene pa olandira 5 anasanza 14. Potsata zimenezi, m'caka ca 2024 bungwe la WHO linalangiza muyeso wocepa wa mamiligalamu 5 pa tsiku, mpaka masiku 14. Malangizo atsopano amatenga nthawi kuti afike m'zipatala zonse, ndipo mapiritsi sali a muyeso umodzi. Cotero inu musayerekeze nokha. Funsani amene akupatsani mankhwalawo kuti mwana amwe motani ndi masiku angati, ndipo citani comweco. Safunsa anadya phula.

Popereka, tsatani izi:

1. Sambani m'manja ndi sopo. Ikani piritsi pa supuni, ndipo thirani timadzi towiritsa pang'ono kapena mkaka wa m'mawere. Lisungunuka lokha posacedwa, osacita kulisinja. Mwetsani mwana zonse za pa supunipo. Mwana wamkurupo angathe kutafuna.

2. Perekani kamodzi pa tsiku, nthawi yofanana, mwana atayamwa kapena atadya kanthu, cifukwa zinki pa mimba ya njala acititsa nseru.

3. Mwana akasanza lisanathe theka la ora, dikirani pang'ono akhazikike, ndipo mpatseni lina. Akasanza papita nthawi yaitali, mankhwala analowa kale, dikirani mawa.

4. Mukaiwala tsiku limodzi, musapereke awiri mawa lace. Pitirizani limodzi limodzi mpaka atha.

5. Mapiritsi a mwana uyu ndi a mwana uyu. Musagawireko wa mnzanu. Nayenso apite akalandire ace.

6. Mwana amene alikulandira ciponde ca ku cipatala cifukwa ca kunyentchera, zinki ali kale m'cipondemo. Musaonjezere wina pokhapokha a cipatala atanena.

Inu abambo, nchito iyi si ya amai okha. Mai wagona mocedwa ndi mwana wodwala, m'mawa ali ku munda, ndipo kuiwala nkosabvuta. Tengani khala, lembani mizere pa khoma monga mwa masiku amene ananena, ndipo muzifafaniza umodzi tsiku liri lonse mwana akamwa.

ZINKI SALOWA M'MALO MWA MADZI

Cimene cimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo zinki sabwezera madzi. Nchito imeneyo ndi ya Thanzi ndi bere. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira. Ngati simudziwa muyeso wa lita, Mlangizi akuonetsani. Nthawi iri yonse mwana akacita cimbudzi, wosafika zaka ziwiri mpatseni kuyambira theka la theka la kapu mpaka theka la kapu, pang'onopang'ono ndi supuni; wamkurupo mpatseni theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Otsala akagona usana ndi usiku, tayani, mukonze ena. Musaleke kuyamwitsa, ndipo musamane mwana phala poganiza kuti m'mimba mupume.

Ena amati ndi mano alikumera. Mano satsegulitsa m'mimba. Koma nthawi yomera mano ndiyo nthawi imene mwana akwawa ndi kuika ciri conse m'kamwa. Ena akaona liwombo lalowa ayamba kufunsana kuti walakwa ndani m'nyumba muno, namata mankhwala pa mutu. Liwombo lilowa cifukwa madzi atha m'thupi, ndipo lidzadza pamene madzi abwerera.

Thamangani naye ku cipatala, usana kapena usiku, mukaona cimodzi mwa izi: magazi m'cimbudzi, mwana akana kuyamwa kapena kumwa, asanza ciri conse, maso kapena liwombo zalowa, walefuka, sadzuka bwino, akomoka, thupi latentha kwambiri, kapena kutsegula kwapitirira masabata awiri. Cimbudzi cikakhala ngati madzi otsukira mpunga, mwa mwana kapena wamkuru, opani kolera, nthenda imene inapha anthu oposa 1,700 kuno ku Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023. Nyamukani pomwepo, wodwala alikumwa Thanzi m'njira monse.

Ndiponso lekani kugula makapisozi ndi mapiritsi oimitsa m'mimba pa msika. Kutsegula kwa madzi kwa ana ambiri sikufuna mankhwala otere, ndipo oimitsa m'mimba aja angathe kutupitsa mimba ya mwana wamng'ono ndi kumuika pa ngozi.

NCHITO ZINA ZA ZINKI

Mafuta oyera aja opaka mwana amene wasupuka ndi matewera ali ndi zinki, ndipo calamine, mankhwala a madzi ofiirira opaka pa katsabola ndi pa zoyabwa, alinso ndi zinki. Awa ndi opaka pa khungu pokha, osati akumwa.

Pali ana ena owerengeka amene amabadwa ndi matumbo osatha kuyamwa zinki bwino. Akaleka kuyamwa aturuka zironda kuzungulira pakamwa ndi kumatako, tsitsi lithothoka, ndipo atsegula m'mimba kosalekeza. Kale ambiri anali kufa, koma m'caka ca 1973 madokotala a ku England anapeza kuti zinki awaciritsa, malinga amwe moyo wao wonse. Pali nthenda inanso yobadwa nayo, yochedwa Wilson, imene mkuwa umaunjikana m'ciwindi ca munthu. Odwala otere madokotala amawapatsa zinki, cifukwa zinki atsekereza mkuwa wa m'cakudya kuti usalowe m'magazi.

Za cimfine, timaswiti ta zinki toyamwa tingafupikitse matenda pang'ono kwa akuru, koma sitiletsa munthu kudwala. Zinki wothira m'mphuno ndiye woopsa: m'caka ca 2009 Boma la America linacenjeza anthu ace, popeza ena atathira analeka kumva pfungo.

MANKHWALA ABWINO AKACURUKA NDI POIZONI

Masiku ano kuli anthu oyenda ndi mabotolo a mapiritsi, ati opatsa mphamvu, makamaka kwa abambo. Dziwani kuti munthu amene zinki wace ngokwanira sapindula kanthu poonjeza wina, monganso mcere ukakwana m'ndiwo, woonjeza angoziononga. Munthu wamkuru asapitirire mamiligalamu 40 pa tsiku popanda mau a dokotala. Kumbukirani zija tanena, kuti zinki atsekereza mkuwa. Thupi lifunanso mkuwa pang'ono popanga magazi ndi posamala mitsempha, ndipo amene amwa zinki wambiri miyezi yambiri angathe kucepa magazi, kucita dzanzi m'miyendo ndi kuyenda modzandira. Mapiritsi a mwana wotsegula m'mimba alibe bvuto limeneli cifukwa ndi a masiku owerengeka. Koma abiseni patali, ana asawayese maswiti.

Zinki amagwirananso ndi mankhwala ena m'mimba, nawalanda mphamvu. Otere ndi ciprofloxacin, doxycycline, ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri alikumwa masiku ano. Lamulo lace ndi kutalikitsa: mankhwala enawo ayambe, papite maora awiri, ndipo zinki atsate; kapena zinki akayamba, papite maora 6. Ngati inu kapena mwana muli pa mankhwala ena ali onse, nenani poyera kwa a cipatala, musacite manyazi. Mapiritsi a magazi a amai apakati naonso alimbirana njira ndi zinki akamwedwa pamodzi pa mimba ya njala.

Cenjerani ndi ndowa ya malata. Zakumwa zowawasa, monga thobwa logona, madzi a bwemba, a malambe kapena a mandimu, zimasungunula zinki wa pa ndowa, ndipo anthu akamwa asanza ndi kupotokola m'mimba, nthawi zina mudzi wonse pa ukwati kapena pa maliro. Zotere sungani mu mtsuko, m'cipanda, kapena m'cigubu ca pulasitiki coyenera cakudya. Ndipo pali mankhwala a makoswe olembedwa zinc phosphide. Dzina lifanana, koma amenewo ndi poizoni wakupha munthu. Asakhale pafupi ndi cakudya, ndi mankhwala a anthu, kapena pofikira ana.

ZINKI WA PA KHOMO

Piritsi ndi la pa matenda. Zinki wa tsiku ndi tsiku acokere mu mphika mwanu, ndipo zambiri muli nazo kale.

Zinki wolowa bwino m'thupi ali m'zakudya za nyama: nyama ya mbuzi, ya ng'ombe, ya nkhuku, ciwindi, mazira, mbewa, ngumbi ndi mphalabungu. Usipa ndi matemba nzabwino kwambiri popeza timadya zathunthu, mutu ndi minga yomwe. Ngakhale pang'ono pokha pa mbale pathandizanso kuti zinki wa mu nsima ndi nyemba alowe bwino. Kwa mwana wamng'ono, kazingani usipa, sinjani mu mtondo, sefani, ndipo muziika supuni imodzi m'phala lace. Mwambo uja wakuti nyama yabwino ndi ya bambo, mwana alandire msuzi, tiuganizirenso. Bambo anakula kale. Wofuna kukula ndi mwana. M'mera mpoyamba.

Nthanga za maungu musataye. Ziumitseni, kazingani, sinjani pamodzi ndi nsinjiro. Nyemba, khobwe ndi nandolo zibviikeni usiku wonse, tayani madziwo, ndipo phikani ndi madzi ena. Kubviika mphale, monga acitira amai kuyambira kale, kumacotsa phytate. Pamene anayesa ndi cimanga ca kuno ku Malawi anapeza kuti kubviika mphale kapena ufa ndi kutaya madzi ace kucotsa pafupifupi theka. Cimera naconso cimaphwanya phytate, cifukwa cace thobwa lotsekemera la cimera ndi labwino kwa banja, ndipo kaufa ka cimera pang'ono m'phala la mwana kalifewetsa kuti adye lambiri.

Mkaka wa m'mawere uli ndi zinki wolowa bwino koposa, ndipo ukwanira wokha miyezi 6 yoyamba. Koma zinki wace amanka nacepa pamene miyezi ipita, kotero kuti pa miyezi 6 mwana ayambe phala losakaniza monga tanenamu, bere osaleka mpaka zaka ziwiri. Phala la madzimadzi la ufa woyera ndi shuga lokha lidzaza mimba koma silikulitsa mwana. Ku munda nako, thirani manyowa ndi kukwirira mapesi m'malo mootcha, kuti nthaka isaguge, pakuti cimene mbeu sinapeze m'nthaka singacipereke pa mbale.

Tsono amai, lero lomwe lino pisani dzanja ku tsindwi kuja. Ngati mwana anayamba mapiritsi sabata ino ndipo munalekera pa njira, pitirizani mpaka athe. Ngati ndi akale, a mwezi watha kapena caka catha, atengeni mukapita ku sikelo, mukawaonetse kwa Mlangizi, ndipo akuuzani cocita nao. Inu amene mwawerenga, werengeraninso anzanu amene sadziwa kuwerenga, pa bwalo, ku citsime ndi ku cigayo. Sabata ya mawa tidzakamba za kusamala citsime m'nyengo ya dzinja. Tsalani bwino.